Za tomato wa mizu yotupa uja

Achimwene, munafunsa ngati kusintha mtundu wa mbewu kungathandize pa vuto la tomato wotupa mizu. Inde, kuthandiza. Zotupazo zimabwera chifukwa cha tinyongolotsi ting'onoting'ono ta m'nthaka totchedwa nematodi. Gulani tomato amene papaketi pali chilembo N (chosonyeza kuti amapirira nematodi), nthawi zambiri amalemba VFN. Tomato ameneyu ali ndi jini (chibadwa chimene chomera chimatengera kwa makolo ake) yotchedwa Mi-1, yomwe akatswiri anaitenga ku tomato wakutchire wa ku South America m'zaka za m'ma 1940. Kanyongolotsi kakalowa mumzu n'kuyamba kudya, chomeracho chimazindikira msanga n'kupha maselo ake omwe ozungulira pamalopo. Kamasowa chakudya, ndipo zotupa sizituluka.

Koma jiniyi musaidalire yokha. Nthaka ikatentha kupitirira madigiri 28 Celsius, jiniyi imafooka. Ineyo m'miyezi yotentha ndinazulapo tomato wa N yemweyo ali ndi zotupa, n'chifukwa chake ndimaphimbira nthaka ndi udzu. Komanso kubzala mtundu umodzi pamalo omwewo chaka ndi chaka kumachulukitsa tinyongolotsi tomwe jiniyi siitha kutiletsa, choncho kasinthasintha wa mbewu musamusiye.

Mizu ikamatupabe ngakhale kukuzizira, tengani mizu ndi dothi mukaonetse alangizi a zaulimi. Pali mitundu ina ya tinyongolotsiti, monga Meloidogyne enterolobii, imene Mi-1 siigonjetsa, ndipo ndi maso okha simungaisiyanitse.