Kodi namgumi amadya, amameza kapena amabwira?

Wowerenga wina, amene akukonza nkhani ya pa wailesi yokhudza kafukufuku wa anamgumi, wafunsa kuti: "Kodi ndilembe chinsomba kapena namgumi, nanga ndi mneni uti amene angafotokoze bwino kadyedwe kake?"

Lembani namgumi. Mawu akuti chinsomba tinawazolowera pa nkhani ya Yona, koma amangotanthauza nsomba yaikulu, pamene namgumi amapuma ndi mapapo ndiponso amayamwitsa ana ake. Musamalenso agwirizanitsi: timati namgumi wamkulu amamira, osati chimamira, ndipo akachuluka ndi anamgumi.

Funso lachiwiri ndiye lofunika kulikhalira pansi. Namgumi wamkulu kuposa onse, amene pa Chingerezi amamutcha blue whale, alibe mano, choncho kutafuna sikumukhudza. Akapeza chigulu cha tizilombo ta m'nyanja totchedwa krill, amathamangira pomwepo atayasamula kukamwa, khosi n'kufufuma ngati thumba ndi madzi amene nthawi zina amalemera kuposa thupi lake lomwe, kenako amakankha madziwo kudzera m'zosefera zonga chipeso zimene zili ku nsagwada ya m'mwamba, tizilomboto n'kutsalira m'kamwa. Mneni wakuti kudya si wolakwika, koma sasonyeza chilichonse mwa zimenezi, ndipo kumeza kumangotchula gawo lomaliza. Ine ndingasankhe kubwira, monga amachitira mwana akapeza shuga wa mayi ake, kuponyera m'kamwa tinthu tating'onoting'ono tambirimbiri nthawi imodzi. Choncho mungalembe kuti namgumi amabwira tizilomboto pamodzi ndi madzi, amasefa, kenako n'kumeza.

Mneni wakuti kudya muusungire pamene mukunena za kuchuluka kwa chakudya. Kafukufuku wa Matthew Savoca ndi anzake wa mu 2021 anasonyeza kuti namgumiyu angathe kudya matani pafupifupi 16 a krill pa tsiku m'nyengo imene chakudya chachuluka. Pamenepa kubwira sikungamveke, chifukwa matani amenewa amakwana namgumi atabwira kambirimbiri.

Ngati nkhani yanu ikukhudzanso zimene gulu la Jeremy Goldbogen wa ku yunivesite ya Stanford linalengeza mu 2019, litayeza kagundidwe ka mtima wa namgumi ku Monterey Bay, chigawo cha nyanja cha ku California m'dziko la America, mulembe kuti ali pansi pa madzi mtima unkafika pogunda kawiri kokha pa mphindi imodzi, ndipo atayandama unkagunda mpaka ka 37. Musalembe kuti mtima unkamenya, chifukwa pa Chichewa mtima umagunda, ndipo ukafulumira timati ukuthamanga.