Coast, shore, beach, kodi si gombe lomwelo?

FUNSO: A Mkonzi, ine Chizungu ndimachikonda koma mawu awa andizunguza mutu. Pa kompozishoni ndinalemba "the coast of Lake Victoria" ndiye aphunzitsi anadula coast ndi cholembera chofiira nkulemba shore pamwamba, osafotokoza kanthu. Dikishonale yanga ikungoti onsewo ndi m'mphepete mwa madzi. Nanga beach akulowa pati? Ndithandizeni mayeso asanafike. Wophunzira wa Fomu 3

YANKHO: Mng'ono wanga, aphunzitsiwo sanakulakwireni ayi, kungoti anafupikitsa nkhani. Ife timangoti nyanja, kaya ndi ya mchere kaya ndi ya madzi akumwa, gombe ndi gombe basi, pomwe Chizungu chimayamba chafunsa kuti madzi akewo ndi otani.

Coast ndi wa nyanja ya mchere yokha, ndipo ndi chinthu chachikulu, chija mumachiona pa mapu pomwe dziko lathera. Mombasa, Beira ndi Durban ndi mizinda ya ku coast. Ku America amati New York ili ku East Coast, Los Angeles ku West Coast, ndipo munthu atha kumakhala makilomita angapo kuchokera kumadzi, mafunde osawamva nkomwe, koma nayenso amati amakhala ku coast. Ghana ija kale inkatchedwa Gold Coast mpaka pomwe inalandira ufulu mu 1957. Tsono Uganda, ngakhale ili ndi Victoria wamkuluyo, ilibe coast ngakhale pang'ono chifukwa sikhudza nyanja ya mchere. Mukanalemba "the shores of Lake Victoria" cholembera chofiiracho sichikanakukhudzani.

Shore ndiye liwu loti muligwiritsitse chifukwa limalowa konsekonse, pa lake ndi pa sea pomwe. Ndi penipeni paja madzi akumana ndi nthaka, pomwe mafunde amafika nkubwerera. Kawirikawiri limatuluka mkamwa mwa munthu yemwe ali pamadzi akuyang'ana kumtunda, boti likagubuduzika anthu amati "swim to shore", amalinyero akatsika sitima amati "go ashore", chinthu chomwe mafunde alavula amati "washed ashore". Offshore nayenso amachokera pomwepo, monga mafuta okumbidwa pansi pa nyanja kutali ndi mtunda, komanso maakaunti aja olemera amatsekula kunja kwa dziko lawo.

Beach ndi kachigawo chabe ka shore, paja pali mchenga poti munthu nkuvula nsapato, kuyala nsalu nkugona padzuwa. Koma si mchenga wokha, ku Brighton ku England beach yake ndi ya timiyala tobulungira tokhatokha toti kuyendapo opanda nsapato mapazi amawawa. Pomwe pali matanthwe ataliatali ogwera m'madzi, ngati oyera aja a ku Dover, matanthwewo simungawatche beach. Seaside, kutanthauza dera la m'mphepete mwa nyanja ya mchere, amakonda kunena ndi anthu a ku Britain, makamaka pokamba za holide.

Mtsinje musauyiwale, uwu wake ndi bank, ndiye "river bank" osati "river coast". West Bank yomwe mumaimva pa nyuzi ndi dera la kumadzulo kwa mtsinje wa Jordan.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi timawu tating'onoting'ono tija, poti ana ambiri amataya malikisi pamenepa chikhalirecho liwu lalikulu alipeza bwinobwino. "On the coast" ndiye kuti muli pamtunda, mapazi ali pa dothi. "Off the coast" muli pamadzi, ndiye mukamva kuti boti lamira "off the coast of Libya" dziwani kuti lamira m'nyanja moyandikana ndi dzikolo, silinafike kumtunda.

FUNSO: Mu filimu ina mbava inauza mnzake kuti "the coast is clear" pomwe anali m'nyumba, nyanja kulibe. Ankatanthauza chani? Mayi wokonda mafilimu

YANKHO: Mayi, apo nyanja musayifunefune, ndi kayankhulidwe chabe. Akutanthauza kuti wasuzumira uku ndi uku, palibe yemwe akuwaona, atha kutuluka. Ngakhale ana a sukulu amanena zomwezo ahedi akangokhota pakona, ndipo liwulo silisinthidwa, mukati "the shore is clear" kapena "the beach is clear" anthu angoganiza kuti mukunena za gombe lenileni.