Funsani Azakhali: Holo ya Grange ija ndi ya gulu lachinsinsi?

FUNSO: Azakhali, ine ndili ku Maine kuno ku America, ndimasamala okalamba. Kumudzi komwe ndikukhala kuli chiholo choyera chamatabwa, pakhomo analemba kuti Grange, ndiye mayi wina neba wanga wandiumiriza kuti Loweruka tikadye nyemba kumeneko. Koma ndamva zoti eni ake ali ndi mawu achinsinsi olowera, mtima sukukhazikika. Ndipite?
Wodandaula, Maine

YANKHO: Mwana wanga pita ukadye nyembazo, usaope. Grange ndi bungwe la alimi basi, linayamba pa 4 Disembala 1867 ku Washington, analiyambitsa Oliver Hudson Kelley mlimi wa ku Minnesota ndi anzake. Iyeyu boma linamutuma mu 1866 kukaona minda kummwera nkhondo yapachiweniweni itangotha, anakapeza alimi ali kakasi, aliyense kulira payekha.

Zachinsinsizo sindikubisa, zilipodi. Kelley anali wa Freemason, gulu lakale la abambo lodziwika ndi miyambo yachinsinsi, ndiye miyambo ina anatengera komweko, masitepe 7 omwe membala amakwera, mawu olowera pa msonkhano wa mamembala. Koma ukaona zizindikiro zake ndi khasu, pulawo, chikwakwa, nyengo za pachaka, ndipo pakati pa chipinda amaika Baibulo lotsegula. Chakudya cha Loweruka chija n'cha aliyense, palibe akakufunse mawu pakhomo.

Chomwe chinadzaza maholo amenewa ndi mkwiyo. Makampani a sitima ndi eni nkhokwe za tirigu ankawadyera alimi masuku pamutu, mtengo wonyamulira mbewu amangotchula okha poti njanji ndi imodzi yomweyo ukana upita kuti, ukudziwa mmene zimawawira venda akakuuza mtengo wa chimanga chako chomwe. Pofika 1875 mamembala anaposa 850,000, anakakamiza maboma ngati Illinois kuika malire pa mitengoyo, nkhani inakafika ku Khoti Lalikulu ndipo mu 1877 pa mlandu wa Munn v. Illinois khoti linati boma lili ndi mphamvu yotero. Zoti makalata azifika mpaka kumafamu mwaulere, zomwe zinayamba mu 1896, analimbikiranso ndi iwowa.

Ine chimandigwira mtima ndi amayi. Caroline Hall, m'bale wake wa Kelley, anaumirira kuti akazi alowe ngati mamembala enieni ovota, maudindo 4 n'kusungira iwo okha, pomwe voti ya dziko lonse akazi a ku America anadzaipeza mu 1920.

Ukalowa uonetsetse, maholo ambiri pamwamba pali steji ya misonkhano, magule ndi zisudzo, pansi khitchini ndi matebulo ataliatali pomwe mlendo amakhala phewa ndi phewa ndi eni mudzi. Masiku ano mamembala achepa, otsala ambiri ndi azigogo, maholo ena anatsekedwa, ndiye kandalama ukalipire pakhomo ndi komwe kamakonza denga ndi kugula mafuta otenthetsera holo nthawi yozizira. Neba wakoyo ukamufunse kuti analowa chaka chanji, ndipo mufike msanga malo asanathe.