Tifunseni: Akufuna timagazi ta mwana wanga, ndivomere?

FUNSO

Zikomo Anamwino. Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala ku Ndirande. Sabata yatha ndili kusikelo kunabwera atsikana awiri ovala mabaji, akuti achokera ku yunivesite. Anandipempha kuti mwana wanga wa zaka ziwiri alowe m'kafukufuku, azimutengako magazi pang'ono kwa miyezi ingapo, ineyo azindipatsa ya thiransipoti. Anandipatsa chipepala choti ndikawerenge kunyumba. Apongozi anga akuti ndikangosaina ndiye kuti ndagulitsa mwana, chifukwa magaziwo amakawagulitsa kunja. Bambo a kunyumba angoti zili kwa ine. Kodi anthu ophunzirawa magazi a ana athu amakatani nawo?

Mayi wa ku Ndirande

YANKHO

Mayi, mwachita bwino kupita nalo kunyumba pepalalo osasaina pomwepo. Ndipo atsikanawo, poti anakulolani kutero, ayamba bwino ntchito yawo. Wakafukufuku amene amakukakamizani kuti musaine lero lomwe, ameneyo ndiye womuthawa.

Ndiyambe ndi magaziwo, pakuti ndi amene akusowetsa tulo apongozi anu. Ine ntchito yotenga magazi a ana m'kafukufuku ndinaigwira ndi manja angawa. Amene timatenga kwa kamwana ngati kanuko nthawi zambiri sapitirira supuni yaing'ono ya tiyi. Timawathira m'timachubu totseka ndi tizivindikiro tamitundumitundu, ndipo m'timachubu tina mumakhala kale mankhwala oletsa magazi kuundana. Pakachubupo timamata kapepala ka nambala, dzina la mwana ayi, kenako timaika m'bokosi lozizira ulendo wa ku labotale. Kumeneko amawapukusa pamakina, kuwagawa, ena kuwadontheza pakagalasi n'kuyang'ana tizilombo. Magazi otere sangaikidwenso m'thupi la munthu. Amene amaika odwala amachokera kwa akuluakulu opereka okha mwakufuna kwawo, ndipo thumba limodzi limakhala pafupifupi theka la lita.

Koma apongozi anu musawaseke. Pa mfundo imodzi akunena zoona: timagazi tina timapitadi kunja, pamene makina oyezera chinthu chomwe akufunacho kuno kulibe. Zimenezo zimayenera kulembedwa m'pepala lomwe muli nalolo, kuti tidzapita kuti, tidzasungidwa zaka zingati, ndiponso ngati mukulola kuti tidzagwiritsidwe ntchito pa kafukufuku wina m'tsogolo. Mantha a magazi kwathu kuno si nkhani yocheza. Tonse tikukumbukira 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa cha ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, azaumoyo n'kumaopa kulowa m'midzi ndi zida zawo.

Mwafunsa kuti amakatani nawo. Yankho lili pakhomo panu pomwepo. Mu 2018 ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa, a miyezi 9 mpaka zaka 12, analowa m'kafukufuku wa katemera watsopano wa taifodi. Anatsogolera ntchitoyi kuno ndi a bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome, omwe ali pafupi ndi chipatala cha Gulupu, mogwirizana ndi sukulu ya madokotala ya College of Medicine ndi Blantyre Malaria Project. Theka la anawo linabayidwa katemera wa taifodi, theka linalo katemera wa matenda oumitsa khosi, ndipo makolo ngakhale ofufuza omwe ankatsatira anawo sankadziwa kuti mwana uyu walandira uti. Mwana akatentha thupi n'kubwera kuchipatala, ankamutenga magazi kuti aone ngati muli kachilombo ka taifodi. Atawerengera, anapeza kuti katemerayo amachepetsa matendawa ndi pafupifupi 80 pa 100 iliyonse. Mu May 2023 boma linabaya katemera yemweyo ana m'dziko lonse. Mwana wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amene sanadwale taifodi chaka chino, ena mwa omuthandiza ndi amayi anzanu a ku Ndirande omwe anadinda chala papepala ngati lanulo.

Palinso nkhani ya malungo aakulu, aja okomola mwana. Madokotala Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anayamba kufufuza za matendawa ku Gulupu cha m'ma 1980, ndipo njira yoyezera kukomoka kwa mwana imene anakonza imadziwika padziko lonse ndi dzina la mzinda wathu, Blantyre Coma Score. Kwa zaka zambiri funso linali lakuti ana ena amatsitsimuka, ena amamwalira, chosiyanitsa n'chiyani? Makina ojambula ubongo a MRI atafika pachipatalacho mu 2008, anayamba kujambula ana okomokawo, ndipo mu 2015 zotsatira zinatuluka: ambiri mwa omwalirawo ubongo wawo umatupa kwambiri mpaka kupanikiza mbali yomwe imayendetsa kupuma. Amene munagonapo pansi m'wodi ya ana mukudikira kuti mwana atsegule maso mukudziwa kulemera kwa yankho limeneli.

Ngakhale mankhwala a malungo omwe mumalandira anasintha chifukwa cha kuyeza magazi a ana. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba Fansidar, poona kuti tizilombo tasiya kumva mankhwalawo. Fansidar nayenso atafooka, mu 2007 tinayamba LA.

Tsono musamve ngati ndikuti kafukufuku aliyense ndi wofunika kulowamo. Ayi. Amene akunenedwa m'pepala lanulo muyenera kumufunsa mafunso ake. Safunsa anadya phula. Yang'anani ngati papepalapo pali chidindo cha komiti yoona za ufulu wa olowa m'kafukufuku, monga COMREC ya ku sukulu ya madokotala kapena NHSRC ya ku Unduna wa Zaumoyo, pamodzi ndi nambala ya foni ya komitiyo. Nambala imeneyo anaiikira inuyo, ndipo ndi yosiyana ndi ya ofufuzawo. Afunseni ngati mwana azingotengedwa magazi basi kapena azimwetsedwanso mankhwala oyeserera, pakuti izi ndi nkhani ziwiri zosiyana kulemera kwake. Afunseni kuti mwana akadwala usiku chifukwa cha zomwe amupatsa mudzaimbira ndani, adzalipira ndani. Pepalalo likhale la Chichewa, ndipo limodzi likhale lanu losunga. Ngati kuwerenga kumakuvutani, pakhale mboni yomwe si wa m'gulu lawolo, imve zonse musanadinde chala.

Chachikulu n'chakuti mukhoza kukana, mwana n'kumalandirabe chithandizo kusikelo monga kale. Mukhozanso kuvomera lero, mwezi wamawa n'kutuluka, popanda kupereka chifukwa.

Za ndalama ya thiransipoti ndinene mosabisa. Masiku ano zinthu zavuta, ndipo ndaonapo amayi akulowetsa mwana m'kafukufuku chifukwa cha kandalamako ndi kuti mwana akadwala saima pamzere wautali. Sindiwaweruza. Koma dzifunseni kuti akanati palibe ndalama mukanavomera kodi? Ngati yankho ndi ayi, ganizaninso kawiri, chifukwa maulendo a kuchipatala adzakudyerani masiku a geni, ndipo mwana adzalira pa jakisoni aliyense.

Ofufuza anzanga nawonso ndili nawo mawu. Kafukufuku akatha, zotsatira zimakaulutsidwa m'mahotela pa misonkhano ya anthu ovala masuti, n'kulembedwa m'Chingerezi chovuta, pamene mayi amene anabwera ndi mwana kumbuyo dzuwa lili pamutu samva kanthu. Mphekesera zimamera pamenepo. Inu mayi, afunseni atsikanawo kuti zotsatira mudzazimvera kuti ndipo liti.

Bambo a kunyumba asangoti zili kwa inu. Mwanayo ndi wanu nonse, ndipo tsiku lina akadzatentha thupi, ngakhale ndi chimfine wamba, mlandu udzagwera inu nokha. Pitani nawo, pamodzi ndi apongozi ngati angalole, akaone okha kachubuko ndi kufunsa zomwe zili kukhosi kwawo. Ofufuza enieni amakondwa akaona banja lonse labwera.

FUNSO

Anamwino, mwana wanga wamkazi wasankhidwa kukaphunzira unamwino ku KUHeS. Abale akuti sukulu imeneyi ndi yachilendo, si University of Malawi, ndiye pepala lake lidzakhala lopepuka. Zoona?

Bambo wa ku Mchinji

YANKHO

Bambo, gulani mbuzi musangalale, abalewo atsalira m'mbuyo ndi mayina. Chachilendo ndi dzina lokha. Mu 2021 University of Malawi inagawidwa patatu. Chancellor College ya ku Zomba ndiyo inatsala ndi dzina lakalelo, Polytechnic inasanduka MUBAS, ndipo College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing anaziphatikiza kukhala Kamuzu University of Health Sciences, yomwe ndi KUHeS. Bunda inali itachokamo kale n'kukhala LUANAR. Choncho mwana wanu akupita kumene anamwino ambiri a madigiri m'dziko muno anaphunzira, ndipo ndi yunivesite ya boma. Akamaliza adzalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi kuti aloledwe kugwira ntchito, monga anachitira amene anaphunzira dzina lisanasinthe.

Chomwe muyenera kuthamangira panopa ndi fizi ndi malo ogona. Ngati m'thumba muli mopepuka, mwanayo ayang'anire chilengezo cha bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira a m'mayunivesite, adzaze fomu nthawi isanathe, ndipo afunse msanga ngati wapatsidwa chipinda pasukulu kapena adzafunika kupeza nyumba ya lendi.