Odwala agawika m'magulu atatu pa kompyuta, kodi ndapeza chachilendo?

Wophunzira wina wa masitazi wandilembera imelo. Akuti ali ndi zotsatira za RNA-seq (muyeso wa mmene jini iliyonse ikugwirira ntchito) za odwala 40, wachita hierarchical clustering (njira yosanja zofanana pamodzi ngati nthambi za mtengo) mu pulogalamu ya R, ndipo pa heatmap (chithunzi choonetsa manambalawo ndi mitundu) paoneka magulu atatu. Akufunsa ngati imeneyi ndi mitundu itatu ya matendawo.

Mwina, mchemwali, koma musathamange. Kompyuta ukaiuza kuti igawe, imagawa basi. Ngakhale mutaipatsa manambala ongopeka, hclust, lamulo la mu R lochitira zimenezi, idzakupatsani mtengo wa nthambi zooneka bwino. K-means, njira ina yogawira magulu, ndiye imangomvera: inu ndi amene mumanena kuti magulu akhale angati.

Njira ya hierarchical clustering inatchuka pa kafukufuku wa majini mu 1998, pamene Michael Eisen, Paul Spellman, Patrick Brown ndi David Botstein a ku Stanford anasanja majini a yisiti. Majini okwera ndi kutsika limodzi anagwera pamodzi, ndipo ambiri anali ogwira ntchito imodzi, monga aja opanga ribosome, mbali ya selo yopanga mapuloteni. Mu 2000, Charles Perou ndi anzake anagawa khansa ya m'mawere chimodzimodzi. Koma chimene chinapatsa magulu awowo mphamvu ndi zimene Therese Sørlie ndi anzake anaonetsa mu 2001: odwala a gulu lotchedwa basal-like ankamwalira msanga kuposa a gulu lotchedwa luminal A. Umboni unachokera kunja kwa heatmap.

Ine zinandichitikirapo. Ndinasangalala sabata yathunthu ndi magulu awiri osiyana bwinobwino, mpaka nditatsegula buku la mu labu. Gulu limodzi RNA yake inachotsedwa Lolemba, linalo Lachinayi. Ndinali nditapeza kalendala, osati matenda!

Ndiye yambirani pamenepo. Pamwamba pa heatmap ikani mizere yamitundu yosonyeza tsiku limene sampulo inakonzedwa, makina ake, komanso ngati wodwala ndi mwamuna kapena mkazi, chifukwa XIST (jini yogwira ntchito mwa akazi) ndi majini a pa chromosome Y ya amuna amatha kugawa anthu paokha. Musagwiritse ntchito manambala osakonza. Adutseni kaye mu vst, lamulo lokonzera manambala la mu pulogalamu ya DESeq2, kenako tengani majini osinthasintha kwambiri, mwina 500 kapena 1,000. Sinthani njira yoyezera kufanana kwa odwala, m'malo mwa Euclidean muike correlation, chotsani odwala angapo mubwereze, kapena gwiritsani ntchito ConsensusClusterPlus, pulogalamu imene imabwereza kugawaku kambirimbiri.

Magulu anu atatuwo akapulumuka zonsezi, kafuneni deta ya odwala ena a matenda omwewo pa GEO, nkhokwe ya deta ya majini ya pa intaneti, muone ngati akutulukanso. Akatuluka, ndilembereninso, tikambe za majini amene akuwasiyanitsa.