Za Panado wafunsa usiku uja

Eee, moni nonse pagulu pano. Za malata a nyumba ya agogo ndiyankha madzulo, musandithamangitse. Iyi ndi ya msuweni wanga, abusa athu osadzozedwa.

Iwe, wafunsa kuti Panado munthu angamwe kangati patsiku poti mutu sukuleka. Ndamva. Koma ndaonanso nthawi imene walemba, 2 koloko usiku. Nthawi imeneyo amakhala maso ndi alonda ndi... chabwino, ndisatchule, akuluakulu ali pagulu pano.

Tandilola ndikuwerengere. Chitsekereni sukulu, Ogasiti yense uno, wapita ndi ana ku msasa ku Mulanje, mwakwera mpaka ku Dziwe la Nkhalamba, zithunzi taziona, iwe utasenza zikwama zitatu ngati bulu. Pobwera, kwaya. Loweruka chitsitsimutso, Lachisanu lake... ayi, Lachisanu ndiye linayamba, mapemphero a usiku wonse aja. Ndiye pachithunzi cha kukhitchini chija wagwira mthiko ndani? Iwe. Kuvundula nsima ya msasa wonse!

Ukundikumbutsa amalume a ku Linthipe, bambo ako aang'ono. Unali kamwana, sungakumbuke. Munthu uja makiyi a tchalitchi ankayenda nawo m'thumba la jekete, yabulauni ija. Belu kuliza okha, chitsulo cha gudumu la lole chija chinkalendewera pamtengo. Mabenchi kuyala okha. Maliro akagwa mudzi wachitatu, iwo panjinga kusanache. Kumunda kwawo udzu kufika m'chiuno, akazi awo kulankhula mpaka kutopa.

Tsono chaka chija cha njala... ayi, isanafike njala, chaka chimene achemwali anathawa ukwati woyamba uja. Eya, chimenecho. Kunali chitsitsimutso cha masiku atatu. Usiku womaliza abusa akuti, akulu a mpingo atitsekere ndi pemphero. Amalume agwada. Ayamba bwinobwino, kuthokoza, kupempherera odwala, kupempherera boma, mvula... kenako zii. Ife tatsinzina, tikudikira. Amayi a Chigwirizano akungoti "Ameni, Ambuye," kuyesa munthu wazama mumzimu. Mphindi zikupita. Kenako tikumva mkonono! Mkonono weniweni, wa kuchipinda. Ine kuluma chitenje kuti ndisaphulike, amayi kunditsina pantchafu, chipsera ndikanakuonetsa.

Tinaseka, mpaka lero timaseka. Koma mwezi usanathe anagwa panjinga, BP, anagona m'chipatala milungu itatu. Ndipo ukudziwa? Belu linalira Lamulungu lililonse. Ankaliza ndi kamnyamata komwe ankakakaniza makiyi kaja. Atatuluka, chinawawawa kwambiri si matenda ayi, koma kumva kuti zonse zinayenda bwino iwo kulibe. Anakwiya sabata yathunthu, haha.

Ndimati chiyani... eya, Panado. Munthu wamkulu, awiriawiri, pazidutsa maola osachepera 4, ndipo asapitirire mapiritsi 8 patsiku, a 500mg aja. Ukamamwa tsiku ndi tsiku, yemweyo amayamba kukudwalitsa mutu. Ukayezetsenso BP, magazi a kwathu ukuwadziwa. Koma iwe sumafunsa zimenezo. Watopa, msuweni. Watheratu, ndipo ukufuna wina akuuze kuti kusiyirako ena ntchito si kubwerera m'mbuyo.

Baibulo umalidziwa kuposa ine, ine wa benchi yakumbuyo. Eksodo 18 uja, Yetero anapeza Mose akuweruza anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, n'kumuuza kuti mkamwini, ulefuka nazo izi, ika atsogoleri a anthu 1,000, a 100, a 50, mpaka a anthu 10. Nanga Eliya, atagona patsinde pa kamtengo akupempha imfa? Mngelo sanamutsegulire vesi. Anamudzutsa kuti adye ndi kumwa, munthu n'kugonanso, n'kumudzutsanso kuti adye. Kawiri konse, chakudya ndi tulo basi.

Ndiye pereka makiyi. Uli ndi ana a Fomu 4 aja, alemba MSCE, angokhala kudikira zotsatira, zala pafoni tsiku lonse. Wina umpatse mthiko, wina kaundula wa mayina, wina kwaya. Tsiku loyamba nsima ikhala ya mibulu, adya, safa. Ndipo usakaime kumbuyo kwawo n'kumawalanda mthikowo, ndimakudziwa. Lolemba uzimitse foni, ugone mpaka dzuwa likupeze pamphasa.

Wamva? Sindikuti usiye utumiki, asayambe kundinena kuti ndikugwetsa mtumiki. Ndikuti tulutsa makiyi m'jekete, jekete imeneyo tinaiona kale kumene inakathera. Lolemba ndikakuona pa WhatsApp ndiimbira mayi ako, ndipo ukudziwa mmene amayambira.

Lachiwiri ubwere kuno. Mbatata zilipo, mphasa iliponso. Ubwere wekha, osati ndi kwaya yonse ngati ulendo uja. Eee, dikirani, ndiwo zikupserera...