Funsani Aphunzitsi: "Borrow" ndi "Lend"

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndimagulitsa sitiroberi panjira yokwera ku Ku Chawe. Tsiku lina ndinauza mlendo wina kuti "borrow me your pen", iye n'kuseka. Ndinalakwitsa pati? Nanga "plateau" amatchula bwanji? Ndine mayi wa ku Chinamwali.

YANKHO: Mayi, musachite manyazi. Vutoli ndinalimbana nalo m'kalasi mpaka choko kundithera m'manja. Gwero lake ndi Chichewa chathu chomwechi. Ife timati "ndibwerekeni cholembera", timatinso "ndabwereka cholembera", mawu amodzimodzi mbali zonse ziwiri. Chingerezi chimasiyanitsa: wolandira amachita "borrow", wopereka amachita "lend". Ndiye mukanati "lend me your pen", kapena mwaulemu, "may I borrow your pen?" Ngati munabwereketsa dzulo, nenani "lent". "Lended" kulibe, ngakhale ndinamvapo bambo wina wa tayi akuwatchula molimba mtima m'minibasi ya ku Blantyre. Ngongoleyo payokha ndiye "loan".

"Plateau" anachokera ku Chifalansa, n'chifukwa chake kalembedwe kake n'kozunguza. Zilembo "eau" zimangomveka ngati "o", choncho nenani "plato", osati "plateyawu". Tanthauzo lake ndi malo okwera koma athyathyathya pamwamba, ngati phiri lathu la Zomba lomwe mumagulitsirapolo. Amagwiritsidwanso ntchito chinthu chikasiya kukwera n'kuima pamodzi: "prices have plateaued". Chiganizo chimenechi ndikuchidikirabe pa mtengo wa usipa ku Mpondabwino.